Kuika wailesi yatsopano m'galimoto yakale popanda kuotcha kanthu

Galimoto zambiri zimene zikuyenda kuno ku Kasungu, kuyambira Corolla ndi Carina zakale mpaka Sienta ndi Probox zonyamula anthu pa M1, zinagwirako kale ntchito ku Japan, ndipo wailesi zake anapangira omvera a komweko. FM ya wailesi zimenezi imayambira pa 76 n'kuthera pa 90 MHz, pamene masiteshoni athu ali pakati pa 87.5 ndi 108. Pokumana pake ndi pochepa kwambiri. N'chifukwa chake munthu amasaka mpaka chala kuwawa n'kupeza siteshoni imodzi kapena ziwiri, kwinako kuli zii. Kuonjezera apo wailesiyo ilibe Bluetooth, ilibe polowetsa fulashi, ndipo zolemba zake n'za Chijapani.

Ngati mukungofuna kumva nkhani pa MBC, Zodiak kapena Times, pali kachipangizo kotchedwa band expander kamene amakalumikiza pakati pa eriyo ndi wailesi. Kamathandiza ndithu, koma nambala yooneka pa wailesi siigwirizana ndi ya siteshoni, ndipo nthawi zina masiteshoni awiri amagwera pamodzi n'kumalimbirana. Kwa ine, ngati mwaganiza kale zotsegula dashibodi, ingoikani wailesi ina.

Munthu wodekha angathe kugwira ntchitoyi yekha pakhomo masana amodzi. Kumasula ndi kumanga sikuvuta. Pagona nkhani ndi pa mawaya, poti wailesi yopsa tsiku loiika kawirikawiri imapsa chifukwa woikayo anangoona mtundu wa waya n'kuganiza kuti waudziwa. Gawo limenelo ndilitalikitsa dala.

1. Musanatulutse ndalama

Yezani kaye bowo la pa dashibodi. Wailesi za m'galimoto zili za misinkhu iwiri: 1 DIN, imene ndi masentimita 18 m'lifupi ndi 5 kutalika, ndi 2 DIN, ya masentimita 18 ndi 10. Bowo la 2 DIN limalola wailesi ya 1 DIN, pansi pake n'kuika kabokosi kosungiramo zinthu. Toyota zambiri za cha m'ma 2000 kubwera kuno zili ndi bowo la masentimita 20, choncho wailesi wamba imasiya mpata wa sentimita imodzi mbali iliyonse. Pali timapulasitiki totsekera mipatayo, funsani pogula pomwepo. Yezaninso kuya kwake. Wailesi ya CD imalowa mkati pafupifupi masentimita 16, yopanda CD ndi yaifupi. Ndipo kwa amene amayenda m'misewu yafumbi yopita kumaesiteti a fodya, ya CD n'kungodzisautsa: fumbi limatseka kadiso kowerengera, mabampu n'kumadumphitsa nyimbo.

Chachiwiri, dziwani mphamvu ya magetsi a galimoto yanu. Wailesi zogula m'sitolo n'za 12V. Malole ambiri ngati Canter, Dyna ndi Elf, aja amatuta mabelo kupita ku Chinkhoma, ndi a 24V. Mukaona mabatire awiri, yezani pa pulagi ya wailesi musanachite chilichonse. Ikawerenga 24 kapena kuposa, pakufunika converter yotsitsa 24V kufika 12V, yopirira 10A kapena kuposa. Ena amangotenga moto pa batire limodzi mwa awiriwo. Wailesi imalira inde, koma mabatirewo amasiya kutchajika mofanana ndipo mudzagula ena nthawi isanakwane.

M'sitolo, uzani wogulitsa aiyatse pa batire inu mukuona. Sakani FM muone ngati ikufika pa 108, makamaka ngati ili yogwiritsidwapo kale ntchito, kuopa kuchotsa ya ku Japan n'kuikanso ya ku Japan. Onani kuti mtolo wake wa mawaya ndi ma screw ake zilimo m'katoni. Za mawati zolembedwa pakatoni musatengeke nazo. Wailesi zodziwika ngati Pioneer, Sony, Kenwood ndi JVC zimalemba 50W x 4 kapena kuposa pang'ono, koma mphamvu imene zimatulutsa mosalekeza ndi cha m'ma 20W pa sipika iliyonse. Tembenuzani wailesi muone fyuzi yakumbuyo: ngati ili ya 10A, pa 14V singakoke zoposa 140W zonse pamodzi, ngakhale katoni italemba masauzande.

Kenako funsani adaputa ya mawaya ya mtundu wa galimoto yanu. Mbali imodzi imalowa m'pulagi ya galimoto, mbali ina ili ndi mawaya a mitundu yofanana ndi ya wailesi yatsopano. Ikasowa pa boma pano, tumani munthu wopita ku Lilongwe. Njira ina: okonza mawailesi atha kuchotsa soketi ya kumbuyo kwa wailesi yakale ija n'kuiwotcherera mawaya, ikhala adaputa yomweyo. Chachikulu n'chakuti pulagi ya galimoto isadulidwe.

Zida zake: sipanala ya 10, soketi ya 8 ndi ya 10, sikuludiraiva ya sitala ndi yafulati, pulayala, mpeni wosendera, multimeter (mita yoyezera magetsi), batire limodzi la rimoti la 1.5V, tepi yamagetsi, tepi yapepala yolembapo, ndi zolumikizira mawaya zopana kapena chowotcherera ndi mtovu wake. Multimeter yotsika mtengo ikwanira. Ngati mulibe, bwerekani. Popanda iyo musayambe.

2. Kuchotsa batire

Wailesi yakale isanachoke, imvereni komaliza. Sipika ziti zikulira, ziti zafa? Eriyo imakwera yokha kapena ndi ya pagalasi? Mukadziwa zimenezi simudzanamizira wailesi yatsopano matenda akale. Tulutsani CD ngati ilimo.

Kokani handibuleki. Ngati galimoto ili ya otomatiki ndipo giya yatchinga pulasitiki ya dashibodi, itsitseni kufika pa L kiyi akadali pa ON, ndipo ikani mwala kutayala. Tsitsani galasi limodzi, chifukwa galimoto zina zimadzikhoma zokha batire likabwezeretsedwa, makiyi ali mkati.

Masulani mutu wa negative, wa chizindikiro cha −, n'kuukankhira pambali poti sungabwerere wokha. Timayamba ndi negative chifukwa bodi yonse ya galimoto ndi negative. Mukayamba ndi positive, sipanala ikangokhudza bodi ndi shoti. Ngati galimoto ili ndi airbag, dikirani masekondi 90 musanagwire mawaya a m'dashibodi.

3. Kutulutsa yakale

Pulasitiki ya galimoto yakale imakhala itauma ndi dzuwa, ndipo imathyoka msanga ikazizira. Musaikanule m'mamawa wa mu June. Dikirani dzuwa liifewetse. Fufuzani ma screw obisika, nthawi zambiri amakhala kuseri kwa ashtray, pansi pa mabatani a fani kapena m'kabokosi ka pansi. Akatha, kulungani kansalu kunsonga kwa sikuludiraiva yafulati, lowetsani pakona n'kumakanula pang'onopang'ono kuzungulira. Pakakana, pali screw imene simunaione. Musakakamize.

Kuseri kwa pulasitikiyo kuli mapulagi a hazard, wotchi ndi choyatsira fodya. Jambulani ndi foni musanazule. Wailesi ya galimoto za ku Japan imagwidwa ndi ma screw anayi kudzera pa mabulaketi awiri achitsulo a m'mbali. Masulani, kokani wailesi, zulani eriyo ndi mapulagi pofinya kaloko kake, osakoka mawaya. Mabulaketiwo achotseni pa wailesi yakale ndipo muwasunge, ndi omwewo adzagwire yatsopano. Ma screw ake amakhala olimba zedi. Gwiritsani soketi ya 8 ngati mutu wake ukulola, apo ayi sindikizani sikuludiraiva mwamphamvu musanapotoze kuti mutu usadyeke.

Galimoto za ku Ulaya ndi ku South Africa, monga VW ndi Opel, zilibe mabulaketi otere. Wailesi imalowa m'kachikwama kachitsulo ndipo imatuluka ndi timakiyi tiwiri tolowetsa kumaso kwake.

4. Kudziwa waya uliwonse

Kumbali ya wailesi yatsopano zinthu n'zosavuta, chifukwa makampani odziwika amatsata mitundu imodzi. Wachikasu umafuna moto wa nthawi zonse, ndiwo umasunga wotchi ndi masiteshoni. Wofiira umafuna moto wobwera kiyi akafika pa ACC (poima kiyi asanafike pa ON), ndiwo umayatsa ndi kuzimitsa wailesi. Wakuda ndi earth, waya wa negative wopita kubodi. Wa olenji, kapena olenji wa mzere woyera, umapita ku magetsi a dashibodi kuti wailesi izichepetsa kuwala usiku. Wabuluu ndi wa eriyo, wabuluu wa mzere woyera ndi woyatsira amplifier. Masipika ali awiriawiri: oyera kutsogolo kumanzere, otuwa kutsogolo kumanja, obiriwira kumbuyo kumanzere, apepo kumbuyo kumanja. Pa awiri aliwonse, wa mzere wakuda ndiye negative. Wailesi za Android zopanda dzina lodziwika nthawi zina zimasintha mitunduyi, ndiye werengani chithunzi chomatidwa pamwamba pake kapena timapepala tomangidwa kumawaya.

Ngati pulagi ya galimoto ili yonse ndipo adaputa mwaipeza, mwapulumuka: khalani patebulo, lumikizani adaputa ndi mtolo wa wailesi mtundu ndi mtundu, mupite ku gawo 5.

Koma galimoto zathu zambiri zinadutsa m'manja mwa anthu angapo, ndipo mukatsegula mumapeza pulagi inadulidwa kalekale, patsala mchira wa mawaya wokulungidwa tepi. Apa ndi pofunika mtima pansi, chifukwa mitundu ya kumbali ya galimoto siigwirizana ndi ya wailesi ngakhale pang'ono.

Titenge Toyota. Zambiri za kuyambira chakumapeto kwa zaka za m'ma 1980 zili ndi mapulagi awiri, ya mabowo 10 ndi ya mabowo 6. Moto wa nthawi zonse kawirikawiri umabwera pa waya wabuluu wa mzere wachikasu, wa ACC ndi wotuwa, earth ndi wa bulawuni, wa magetsi a dashibodi ndi wobiriwira. Nanga wofiira, wakuda ndi wachikasu? Onsewo ndi a masipika akumbuyo: wofiira ndi woyera kumanja, wakuda ndi wachikasu kumanzere. Tsono taganizani munthu amene walumikiza mtundu ndi mtundu. Wofiira, wachikasu ndi wakuda wa wailesi wawapatsa masipika, ndiye wailesi siyaka. Choipitsitsa, wotuwa wa galimoto, umene uli ndi 12V, waulowetsa pa wotuwa wa wailesi, umene ndi potulukira mawu. Akangopotoza kiyi, IC ya mawu, kachipangizo kokweza mawu mkati mwa wailesi, ili pangozi yopsa. Mitundu ndatchulayi ikuthandizeni kungoyambira, koma muyezebe, chifukwa simudziwa amene anayamba kugwirapo anasintha chiyani.

Kuyeza kwake n'kotere. Batire lidakali lochotsa, masulani tepi yakale, patulani mawaya onse kuti nsonga zake zisakhudzane ndiponso zisakhudze chitsulo. Bwezerani batire. Ikani multimeter pa DC 20V, kapena 200V ngati ndi lole. Chingwe chakuda cha mita chigwire chitsulo chopanda penti cha mkati mwa dashibodi.

Kiyi ali m'thumba, khudzani waya uliwonse ndi chingwe chofiira. Umene uwerenge cha m'ma 12.4 mpaka 12.6 ndiwo moto wa nthawi zonse. Umangeni tepi yapepala, lembanipo, tsekani nsonga yake.

Lowetsani kiyi, mufikitse pa ACC. Khudzaninso otsala aja. Umene wapeza 12V tsopano, n'kuitaya mukabweza kiyi, ndiwo wa ACC.

Bwezani kiyi, yatsani ma parking. Umene wapeza moto tsopano ndi wa magetsi a dashibodi. Waya ameneyu ngwachinyengo. Magetsi akakhala ozima, mukamuyeza ngati akulumikizana ndi bodi mita imalira, chifukwa njira imadutsa m'mababu kukafika ku earth. Anthu amamutenga kuti ndi earth, masana wailesi n'kumalira bwinobwino. Madzulo poyatsa magetsi wailesi imazima kapena fyuzi ya TAIL imapsa, galimoto n'kumayenda pa M1 usiku kumbuyo kuli mdima. Choncho muyambe mwamupeza ameneyu musanasake earth.

Mukasowa moto pa mawaya onse, musathamangire kukoka waya wina kuchokera kwina. Onani mafyuzi kaye, makamaka olembedwa RADIO, DOME, CIG kapena ACC. Nthawi zambiri imodzi inapsa tsiku limene pulagi inadulidwa.

Tsopano chotsaninso batire, chifukwa zotsalazi timayeza popanda moto. Earth ya galimoto ndi waya amene akuwerenga pafupifupi 0 ohm ndi bodi ndipo sanapeze moto pa mayeso onse atatu aja. Nissan zambiri zakale zilibe n'komwe waya ameneyu m'pulagi, wailesi yake inkatenga earth kudzera pa mabulaketi. Ine ndimakonda kupanga earth yangayanga pa galimoto ina iliyonse yodulidwa pulagi: pezani bawuti yomangidwa pa chitsulo cha bodi, palani penti ndi dzimbiri ndi sandipepa mpaka chitsulo chiwale, panani kamphete kunsonga kwa waya wakuda, mangani zolimba. Waya wake akhale wamfupi.

Otsala ndi a masipika, mwina ndi wa eriyo. Ikani mita pa 200 ohm n'kumayesa awiriawiri. Awiri amene awerenge pafupifupi 4 ndi a sipika imodzi. Kuti mudziwe iti, gwirizitsani waya mmodzi kumunsi kwa batire la 1.5V lija, winayo muzigunditsa kumutu kwake. Mumva kaphokoso koti thi, thi, kuchokera kuchitseko kapena kumbuyo. Ngati sipikayo ikuoneka, wina aiyang'ane: pepala lake likatulukira kunja, waya amene ali kumutu kwa batire ndiye positive. Likalowa mkati, ndi winayo. Gunditsani chabe, osagwiriza nthawi yaitali, ndipo batire la galimoto musaliyesere zimenezi.

Machenjezo awiri pano. Loyamba, muziyeza mawaya a pamchira wa wailesi okha. Mawaya okutidwa ndi chikopa chachikasu, a mapulagi achikasu, ndi a airbag. Chikasu chimenecho sichikhudzana ndi cha wailesi, ndipo musawagwire ndi mita, tesita kapena batire. Lachiwiri, kachitidwe kokhudzitsa waya kubodi kuti muone ngati atulutse sipaki kasiyeni. Kamapsereza mafyuzi, ndipo pa galimoto ya kompyuta kangathe kuononga zodula kuposa wailesi.

Mukapeza kuti palibe awiri alionse amene akuwerenga 4 ohm kapena kulira thi, pamene masipika ankalira ndi wailesi yakale, mwina galimotoyo ili ndi amplifier yakeyake yobisika, monga zilili Mark II ndi Crown zina. Pamenepo mawaya a wailesi yatsopano ayenera kukalumikizidwa kumene akutulukira mu amplifier ija kupita kumasipika, ndipo ngati simunazolowere, apa ndi poitana wa magetsi a galimoto. Chimodzimodzi galimoto zakale kwambiri zimene masipika ake amagawana negative imodzi kapena kutenga pabodi: kokani mawaya atsopano awiri pa sipika iliyonse.

Eni VW ndi Opel, pulagi yanu ndi ya ISO, mtundu wa pulagi wofala ku Ulaya, ndipo imalowa mwachindunji, koma pa zambiri moto wa nthawi zonse ndi wa ACC anazisinthanitsa malo. Mitolo yambiri ya ISO ili ndi polumikizira pa waya wofiira ndi wachikasu kuti muthe kuwasinthanitsa osadula.

5. Kulumikiza

Batire likhale lochotsa. Sendani nsonga iliyonse pafupifupi sentimita imodzi osadula timkuwa ta mkati. Njira zabwino zilipo ziwiri: kuwotcherera ndi mtovu n'kuveka heat shrink (kachubu kofota kakatenthedwa), kapena kupana ndi zolumikizira. Magetsi akazima, kupana n'komwe kumapulumutsa tsiku. Mukapana, kokani waya mwamphamvu ndithu. Ukasololoka m'manja mwanu ukanasololokanso pamabampu. Kungopota ndi kukulunga tepi kumagwira miyezi yochepa. Kutentha kwa mu October mkati mwa dashibodi kumasungunula tepi n'kukhala ngati ulimbo, kenako imatsetsereka, mkuwa n'kutsala poyera. Ngati palibiretu njira ina, potani molimba, kulungani tepi yabwino mokoka, mangani cable tie pamwamba, ndipo mfundozo zisakhale pamzere umodzi.

Wachikasu ku moto wa nthawi zonse, wofiira ku ACC, wakuda ku earth. Musaphatikize wofiira ndi wachikasu. Mukawaika onse pa moto wa nthawi zonse, wailesi siigona ndipo imamwa batire galimoto itaima. Mukawaika onse pa ACC, iziiwala masiteshoni ndi nthawi mukangozimitsa.

Mawaya a masipika asakhudze bodi ndipo ma negative ake asaphatikizidwe. Pa wailesi za masiku ano waya wa mzere wakuda uja si earth, nawonso umatulutsa mawu. Ngati galimoto ili ndi masipika awiri okha, gwiritsani oyera ndi otuwa, obiriwira ndi apepo muwatseke aliyense payekha. Kuika ma channel awiri pa sipika imodzi sikuonjezera mphamvu, kumangootcha. Anzathu a minibasi amakonda kulumikiza masipika awiri pa mawaya amodzi: awiri a 4 ohm olumikizidwa motero amakhala 2 ohm, wailesi imatentha mpaka kumadzizimitsa, kenako kufa. Wofuna chimkokomo agule amplifier, ikhale ndi waya wake wonenepa wochokera kubatire, fyuzi yake ili pafupi ndi batirelo. Moto wa amplifier sutengedwa pa waya wachikasu wa wailesi.

Waya wabuluu anthu amauiwala. Ngati eriyo ili ya pagalasi kapena ili ndi booster (kachipangizo kothandiza eriyo kukoka masiteshoni), imafuna 12V kuchokera kuwailesi. Popanda moto umenewu masiteshoni amphamvu amamveka muli m'tauni, koma mukalunjika ku Santhe kapena ku Nkhamenya iyamba kusokosa, inu n'kumati wailesi ndi yabodza. Eriyo yokwera yokha nayo imadalira waya womwewu. Wailesi ikakhala ndi wabuluu wa mzere woyera wokha, gwiritsani womwewo. Pulagi ya eriyo pa Toyota zakale imalowa yokha. Nissan zina zili ndi ya timano tiwiri yofuna adaputa.

Waya wina aliyense wotsala, mtsekeni nsonga payekha.

6. Yesani isanalowe m'bowo

Lumikizani zonse wailesi ili panja, itakhala pansalu. Bwezerani pulagi ya hazard, poti pa galimoto zambiri za ku Japan ma indicator sagwira ikazulidwa, ndipo mungadzidzimuke pachabe. Mangani batire. Mukamva fungo la kupsa kapena kuona utsi, zulani negative nthawi yomweyo.

Kiyi pa ACC, wailesi iyake. Kiyi atuluke, izime. Sungani siteshoni imodzi, zimitsani, dikirani mphindi, yatsaninso. Ikaiwala, wofiira ndi wachikasu zasinthana kapena fyuzi ya moto wa nthawi zonse yapsa. Pitani pa balance ndi fader, posunthira mawu kumanzere, kumanja, kutsogolo ndi kumbuyo, mumvere ngodya iliyonse payokha. Kenako mvetserani besi: ngati ikumveka bwino mawu ali mbali imodzi koma n'kuchepa mukawabweza pakati, sipika imodzi mwaitembenuza positive ndi negative. Yatsani magetsi muone ngati wailesi ikhalabe yoyaka komanso ngati akumbuyo ayaka.

Lizani injini. Mukamva kamluzu kokwera mukaponda mafuta, ndi phokoso la alternator, ndipo poyamba kukayikira ndi pa earth. Ipaleninso kapena isamutseni.

Pa wailesi zokhala ndi posankha dera, musasiye pa America kapena Japan. Ya America imadumpha 0.2 MHz ndipo imaima pa manambala ngati 95.1 ndi 95.3 okha, ena n'kuwaphonya. Sankhani dera limene FM yake ikuyenda 87.5 mpaka 108 podumpha 0.05 kapena 0.1. Zimitsaninso DEMO, chionetsero chimene wailesi imadziyendetsera yokha.

7. Kumanga

Ikani mabulaketi aja m'mbali mwa wailesi yatsopano, L kumanzere, R kumanja. Wailesi zina zinalemba T pa mabowo a Toyota ndi N pa a Nissan. Kachikwama kachitsulo kobwera ndi wailesi ya 1 DIN kavuleni, pa mabulaketi sikafunika. Gwiritsani ma screw a m'katoni. Buku lake limanena utali wololedwa, kawirikawiri osapitirira mamilimita 8. Yaitali imakaboola zamkati. Mangani mosalimbitsa kaye, yesani pulasitiki ya kumaso ngati ikukhala bwino, kenako limbitsani.

Mangani mawaya mtolo umodzi ndi cable tie n'kuwatsitsira pansi kapena pambali, kutali ndi zingwe zoyendetsa mpweya wa fani ndi chitsulo chakumbuyo kwa wailesi, chimene chimatentha. Wailesi ikakana kulowa mpaka kumapeto, pali chimene chapanika, itulutseni muone. Maikolofoni ya Bluetooth imagwira bwino pamwamba pa chiwongolero kapena pafupi ndi kotchingira dzuwa, osati pakamwa pa fani. Wailesi ya sikirini ili ndi waya wopita ku handibuleki, woletsa kanema galimoto ikuyenda. Ambiri amaupatsa earth kuti kanema azioneka nthawi zonse. Ndi njinga za kabaza ndi ngolo zimene zili m'misewu yathu, ine ndimaulumikiza kumene uyenera kupita.

Bwezerani mapulagi onse motsata chithunzi chija, sindikizani pulasitiki, konzani wotchi. Injini ikamalira mosakhazikika pang'ono poyamba, nthawi zambiri ndi chifukwa batire linachotsedwa, ndipo imakhazikika mukayendako.

Zikavuta pambuyo pake

Batire likamapezeka latha m'mawa, yezani. Zimitsani zonse, tsekani zitseko, ikani mita pa 10A DC, zulani mutu wa negative n'kuika mita pakati pa mutuwo ndi batire. Kiyi asapotozedwe mita ili pamenepo. Galimoto yakale yogona imakoka zosapitirira 0.05A. Ikakoka zambiri, zulani pulagi ya wailesi muone ngati nambala itsike. Ikatsika, waya wofiira uli pa moto wa nthawi zonse, kapena amplifier siikuzima.

Fyuzi ikapsa, bwezeranipo ya nambala yomweyo. Ikapsanso pali shoti, ndipo kukulungapo waya kapena chipepala chonyezimira cha m'paketi ya fodya n'kusamutsira motowo ku mawaya a m'dashibodi.

Wailesi ikamazima mukakweza voliyumu, onani earth, kenako mfundo ya waya wachikasu, kenako ngati waya wa sipika wakhuzika polowera m'chitseko, pamene amapindika tsiku ndi tsiku.

Ikamabwebweta pa besi, kawirikawiri ndi masipika. A fakitale ndi apepala, ndipo pofika pano ambiri anang'ambika m'mphepete. Tsitsani besi ndi loudness kaye, ndipo pogula ena tengani akale aja kusitolo kuti mufanizire: akhale a 4 ohm, a msinkhu womwewo, nthawi zambiri masentimita 10 pa dashibodi ndi 16 m'zitseko. Musanabwezere chikuto cha chitseko, tsitsani galasi mpaka pansi muone ngati silikugunda maginito a sipika yatsopanoyo.